Miyendo ikalema pokwera ku Chawe: kusamala ayironi ndi chitetezo cha m'thupi kwa mkazi wothamanga

Chaka chimene ndinkakonzekera Porters' Race, mpikisano wothamanga wa paphiri la Mulanje, ndinadwala chimfine katatu pakati pa Meyi ndi kumapeto kwa Juni. Choyamba ndinati ndi chiperoni. Chachiwiri ndinaloza chala bambo ena amene anandiyetsemulira m'khosi mu minibasi ya ku Chinamwali. Chachitatu chisanathe n'komwe, m'mawa wina ndikukwera msewu wa ku Chawe, ndinangozindikira ndaima pakona ina pamene anyamata amagulitsa zipatso m'timadengu, manja pamawondo, mtima ukugunda m'makutu ngati ng'oma ya beni. Chitunda chomwecho ndinkachikwera ndikucheza ndi anzanga miyezi itatu m'mbuyomo. Mayi ena otsika ndi mtolo wa nkhuni anaima n'kundiyang'anitsitsa. "Achemwali, m'masomo mwayera mbuu. Magazi amenewo." Ndinaseka mwamanyazi, iwo n'kupitiriza ulendo.

Ananena zoona, koma panapita masabata ena awiri ndisanavomere. Nthawi yonseyo ndinkadziimba mlandu wa ulesi, n'kumawonjezera makilomita. Tiyi ndinkamwa katatu patsiku, msambo unali wochuluka, ndipo m'thumba la chikwama munkakhala kadothi kowotcha kaja amagulitsa pamsika, kamene ndinkadya mobisa.

Ndondomeko ili m'munsiyi ndi imene ndimawauza atsikana amene timakumana nawo m'bandakucha m'misewu ya mu Zomba muno, a ku Chanco, a ku sekondale, ena a yunifomu. Muitsate mmene yayalidwiramu. Ambiri amayambira kumchira, kukagula mapiritsi a magazi kufamase, mapeto ake kutaya ndalama kapena kukwirira matenda ena amene akanaoneka msanga.

Musanayambe, mudziwe za ufa ndi nkhokwe

Ayironi ndi mchere umene thupi limapangira himogulobini, chofiira chija cha m'magazi chimene chimasenza mpweya kuchoka m'mapapo kupita kuminofu. Kuchipatala amangoti Hb. Ayironi wina amasungidwa m'chiwindi ndi m'kati mwa mafupa, ndipo kuti adziwe kuchuluka kwa wosungidwayo amayeza ferritin.

Hb ili ngati ufa wa m'beseni kukhitchini, ferritin ndi chimanga cha m'nkhokwe. Banja likhoza kumadya nsima tsiku ndi tsiku, alendo osadziwa kanthu, m'nkhokwe mutatsala zitsononkho zokhazokha. Thupi limateronso. Limayamba lakokolola m'nkhokwe kuti Hb isatsike. Pofika pamenepo wothamanga amakhala atayamba kale kulemedwa, poti minofu nayo imafuna ayironi popanga mphamvu, koma pepala la kuchipatala likuti magazi ali bwino.

Asilikali a m'thupi amadyanso m'nkhokwe yomweyo. Maselo oyera a magazi amafuna ayironi kuti achulukane matenda akalowa, ndiponso kuti apange zophera tizilombo. Tsoka lake, tizilombo nato timamufuna ayironi yemweyo, ta malungo tomwe. Ndiye kuchepa n'koipa, kuchulutsa mwachisawawa n'koipanso.

Mkazi wothamanga ali ndi mipata yambiri yotayira: msambo mwezi ndi mwezi, thukuta, maselo ofiira ena amene amaphwanyika phazi likamamenya pansi, ndi timagazi tosaoneka totuluka m'matumbo pambuyo pa mtunda wautali. Mkazi wa zaka 19 mpaka 50 amafunika mamiligalamu 18 a ayironi m'chakudya cha tsiku limodzi, mwamuna 8 okha. Ndipo ambirife timayamba kuthamanga tili kale ndi ngongole: kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti mkazi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno anali ndi magazi ochepa.

Gawo 1: kakope ndi cholembera, masabata awiri

M'mawa uliwonse, musanatsike pabedi, ikani zala ziwiri pamkono, werengani kugunda kwa mtima mphindi imodzi yathunthu, lembani. Lembaninso maola amene mwagona, mtunda umene mwathamanga ndi mmene mwaumvera m'thupi, masiku a msambo ndi mapadi amene mwasintha, ndi kalikonse ka chimfine, pakhosi kapena zilonda zam'kamwa. Sankhani njira imodzi yodziyesera, kaya kuchokera pa Gymkhana kukwera mpaka pamene mumabwererera, muziithamanga kamodzi pasabata mosadzikakamiza, n'kulemba mphindi zake.

Zimene mukusaka ndi izi: befu pachitunda chimene munkachikwanitsa, kugunda kwa m'mawa kukwera ndi 5 mpaka 10 n'kukhala pomwepo masiku angapo, manja kuzizira anzanu atavula kale majuzi, chizungulire mukaimirira msanga, tsitsi kuthothoka kwambiri pomasula, zikhadabo kuthyoka, miyendo kusakhazikika usiku, kulakalaka dothi kapena madzi oundana. Za dothizo musachite nazo manyazi pamaso pa adokotala, ndi chizindikiro chimene amachidziwa bwino. Koma lisiyeni, chifukwa limamanga ayironi m'mimba ndipo likhoza kubwera ndi mazira a njoka.

Gawo 2: kayezetseni, koma tsiku lake mulisankhe

Pitani m'mawa, mutamwa madzi okwanira, mutapuma. Dzulo lake musathamange kolimba, dzana lake lomwe ngati n'kotheka. Musapite muli ndi chimfine kapena mutangochira malungo, dikirani masabata angapo. Ferritin imakwera yokha thupi likamalimbana ndi matenda kapena minofu ikatupa, moti nkhokwe yopanda kanthu imaoneka ngati yodzaza. Kusankha tsikuku ndi kwa munthu amene akuyendayenda bwinobwino. Ngati mukukomoka, mtima ukuthamanga muli chikhalire, kapena mapazi atupa, pitani lero lomwe, kaya ku Zomba Central kaya kuchipatala chaching'ono chapafupi ndi kwanu.

Pemphani full blood count, imene amaifupikitsa kuti FBC. Papepalapo yang'anani manambala awiri. Yoyamba ndi Hb: bungwe la WHO limati mkazi amene si woyembekezera ali ndi magazi ochepa Hb ikakhala yosakwana 12. Yachiwiri ndi MCV, imene imanena kukula kwa maselo ofiira. Ikatsika pa 80, maselowo ndi ang'onoang'ono, ndipo kawirikawiri chochititsa chimakhala kuchepa kwa ayironi.

Kenako funsani za ferritin. Si labu iliyonse imene imayeza, nthawi zambiri kumakhala kulipira, ndipo mwina mungafunike kukwera minibasi ya ku Blantyre. Ndalama imeneyo ine ndimaiona ngati yofunika kuposa nsapato zatsopano. Malire a WHO ndi 15: kutsika pamenepo nkhokwe yatha. Madokotala ambiri a zamasewera sadikira mpaka pamenepo, amayamba kuchitapo kanthu ikatsika pa 30 kapena 35. Ngati labuyo imayezanso CRP, iwonjezereni, poti ndi imene imaulula ngati m'thupi muli kutupa kumene kukanamiza ferritin.

Ine ulendo woyamba anangondibaya chala. Hb inali pamwamba pang'ono pa 12, n'kundiuza kuti, "Mulibe vuto mayi, kapumeni." Sanalakwe, ananena zimene nambala inawaonetsa, ndipo ine sindinawauze kuti ndimakwera phiri kanayi pasabata. Ferritin imene ndinakayezetsa pambuyo pake ndi imene inaonetsa kuti m'nkhokwe muli pululu. Choncho lankhulani. Nenani kuti ndinu wothamanga, makilomita angati pasabata, tulutsani kakope kaja.

Zimachitikanso mosemphana. Wothamanga wokhwima amakhala ndi madzi ambiri m'magazi, Hb n'kumaoneka yotsikirako pang'ono nkhokwe ili yodzaza. Ameneyo mapiritsi samuonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Komanso si kuchepa kwa magazi kulikonse kumene kumachokera ku ayironi: malungo, sickle cell, HIV, kusowa kwa folate kapena vitamini B12, zonsezi zimatsitsa Hb. Safunsa anadya phula.

Musanachoke, pemphani akuyezeni malungo, mkodzo ndi chimbudzi. Gawo lotsatirali likudalira zimenezo.

Gawo 3: tsekani pobooka

Kutungira madzi mumtsuko wobooka n'kudzitopetsa chabe, ndipo kwa ambirife chiboo chachikulu ndi msambo. Mkazi amataya magazi okwana mamililita 30 mpaka 40 pamwezi, ndipo akapitirira 80 achipatala amati achuluka. Palibe amene amayeza ndi kapu, ndiye yang'anani izi: msambo wopitirira masiku 7, kusintha padi ola lililonse kapena maola awiri alionse, magazi oundana akuluakulu, kudzuka usiku kukasintha. Zikakhala choncho kaonaneni ndi achipatala, chithandizo chilipo. Njira zina zolerera zimachepetsa msambo, pamene lupu ya kopa kwa ena imauchulutsa, ndiye nkhaniyi ikambeni ndi anamwino a zakulera.

Pali atsikana ena amene amasangalala msambo ukasiya, amvekere thupi lakhwima. Ayi ndithu. Miyezi itatu osasamba, mulibe pakati ndipo simuli pa njira yolerera imene imaimitsa msambo, nthawi zambiri ndi thupi likudandaula kuti chakudya chikuchepa poyerekeza ndi ntchito. Mafupa amayamba kufooka mwakachetechete.

Chiboo china ife a ku Zomba timachidziwa: likodzo. Ngati kwanu ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ku Kachulu kapena ku Chisi, kapena patchuthi mumalowa m'minda ya mpunga ya ku Likangala, mkodzo uyezedwe ngakhale simunaonepo magazi. Mankhwala ake ndi praziquantel. Njoka zina za m'mimba zimalowera kuphazi padothi lonyowa n'kukayamwa magazi m'matumbo, nankafumbwe weniweni wa nkhokwe yathu ija. Othamanga chosavala nsapato achenjere, ndipo mankhwala a njokazi, albendazole, ndi osavuta kupeza. Malungo amaphwanya maselo ofiira, choncho neti ndi mbali ya zida zothamangira, ngati nsapato.

Kenako chizolowezi chimene chimandikwiyitsa: kumeza ibuprofen, diclofenac kapena aspirin musananyamuke kuti bondo lisapweteke. Mankhwala amenewa amakanda m'mimba, ndipo akakumana ndi mtunda wautali kutaya magazi m'matumbo kumawonjezeka. Bondo likamapweteka likufuna kupuma kapena kuonedwa.

Zoti msewu wa tala ndi nsapato zakutha zimawonjezera kuphwanyika kwa maselo ofiira kuphazi n'zoona koma n'zazing'ono. Masiku ena siyani msewu wa M3, mukathamange m'misewu ya dothi ya m'nkhalango chakudamu la Mulunguzi, muli gulu, osati nokha. Mawu amodzi kwa amene amaganiza zokagona pamwamba pa phiri masabata angapo kuti magazi achuluke: kumtunda mpweya ndi wopepukirako, nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, ndipo thupi limayankha popanga maselo ofiira ambiri. Zopangira zake limatapa m'nkhokwe. Wopita ferritin ili pansi amatsika ali wofooka kuposa mmene anakwerera.

Gawo 4: konzani mbale, musunthe tiyi

Ayironi wa m'chakudya ndi wa mitundu iwiri. Wa m'nyama ndi nsomba amalowa m'magazi mosavuta. Wa m'nyemba ndi masamba amalowa pang'ono chabe, amafuna womuperekeza, ndipo sachedwa kutchingidwa.

Simukufunika nyama ya ng'ombe tsiku lililonse. Matemba a ku Chilwa, usipa ndi bonya zimadyedwa zathunthu, mutu ndi zam'kati zomwe, ndipo phindu lake lili pomwepo. Chiwindi cha nkhuku kapena cha mbuzi kamodzi pasabata n'chokwanira, koma oyembekezera ayambe afunsa kusikelo chifukwa chili ndi vitamini A wambiri. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi musazinyoze. Mbali ya zomera tili ndi nyemba, nandolo, khobwe, soya, bonongwe, chisoso, chitambe. Mukapeza nyemba za NUA 45 tengani zimenezo, anazipanga dala kuti zikhale ndi ayironi wochulukirapo. Kansomba pang'ono pambali pa nyemba kamathandiza kuti ayironi wa nyembazo alowe bwino, choncho tindiwo tiwiri tating'ono timaposa chimbale cha nyemba zokha.

Woperekeza ndi vitamini C, ndipo ayenera kulowa m'mimba nthawi imodzi ndi chakudyacho, osati madzulo pamene nsima munadya masana. Gwafa ali naye wambiri kuposa lalanje. Malambe, papaya, mango, tomato wosaphika, masitiroberi a kuphiri aja, kapena kungofinyira ndimu pandiwo mutapakula kale. Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba, therere limakoma nazo, sindikukana, koma zimawononga vitamini ameneyu. Kuphika bonongwe mpaka kuda bii kumachitanso chimodzimodzi.

Chimanga ndi nyemba zili ndi kanthu kena, phytate, kamene kamagwira ayironi kuti asalowe. Agogo athu ankakagonjetsa osadziwa dzina lake: kuviika, kumeretsa chimera, kusasitsa. Nyemba zinyikeni usiku, m'mawa madziwo mutaye, makala omwe mupulumutsa. Thobwa ndi bwenzi la wothamanga. Mgaiwa uli ndi ayironi wambiri kuposa ufa woyera, ngakhale phytate nayenso alimo wambiri, ndiye ukufuna ndimu kapena gwafa pambali. Ufa wa m'mapaketi wokhala ndi chizindikiro chosonyeza kuti anawonjezeramo michere umakhala ndi ayironi wothiriramo, wa kuchigayo ulibe wowonjezera.

Tsopano tiyi. Apa ndi pamene ndimakangana ndi atsikana ambiri, ndipo ndimawamvetsa, poti ine ndemwe m'mawa wa mu Juni popanda kapu yotentha m'manja sindimayamba tsiku. Koma tiyi womwera limodzi ndi chakudya akhoza kudula ayironi wa m'zomera amene akanalowa ndi kupitirira theka. Khofi amateronso, mkaka nawo umatchinga. Ganizani mtsikana wa ku hositelo: m'mawa tiyi ndi buledi, masana nsima ya nyemba, madzulo nsima ya nyemba kenako tiyi wowerengera. Wadya, wakhuta, koma magazi alandira zochepa. Sindikuti musiye. Msunthireni ola limodzi kapena kuposa pambuyo pa chakudya. Mukapita kwa azakhali n'kukuikirani zonse pamodzi pamphasa, palibe chamwano kunena kuti, "Azakhali, tiyiyu ndimwa pambuyo, asungeni m'fulasiki." Adzakusekani tsiku loyamba lokha.

Ndipo idyani mokwanira. Pali makochi ena amene amauza atsikana kuti achepetse thupi kuti apepuke. Kuthamanga kwambiri ndi chakudya chochepa kumasokoneza msambo, mafupa, chitetezo ndi ayironi nthawi imodzi. Vutoli ndi lodziwika moti komiti ya Olympics ya dziko lonse inalipatsa dzina mu 2014, RED-S. Nsima, mbatata, chinangwa ndi mpunga ndiwo mafuta a galimoto yanu, musaziope.

Gawo 5: phunzirani nthawi ya mlonda wa pageti

Ili ndi gawo limene linandidabwitsa kwambiri, ndipo silifuna ndalama. Chiwindi chimapanga homoni yotchedwa hepcidin. Ntchito yake ndi ya mlonda: ikachuluka, geti lolowera ayironi m'matumbo limatsekedwa. M'mawa imakhala yochepa, dzuwa likamakwera imakwera nayo. Matenda amaikweza, njala ya wothamanga imaikweza, ndipo pambuyo pa kuthamanga kolimba imafika pachimake patatha maola 3 mpaka 6.

Werengani nokha. Mwanyamuka 5 koloko, mwabwerako 7 koloko. Geti likhala lotseka kwambiri kuyambira cha m'ma 10 mpaka 1 koloko masana, nthawi yeniyeni ya nkhomaliro. Chiwindi chimene mwasungira masana a tsiku lokwera phiri chikugogoda mlonda atakhoma kale.

Chochita n'chosavuta. Tsiku la zokonzekera zolimba, chakudya chokhala ndi ayironi chilowe pasanathe mphindi 30 mutabwerako, musanasambe n'komwe. Ine ndimasiya dala matemba a tomato a dzulo m'kapoto, m'mawa n'kutenthetsa, kudyera mbatata, gwafa pamwamba. Tsiku lina phala la mgaiwa wosakaniza ndi soya ndi nsinjiro, kuthiramo ufa wa malambe litapola pang'ono. Tiyi amabwera cha m'ma 9. Nkhomaliro idyeni ndithu, thupi likuifuna, kungoti chiwindi ndi nsomba zambiri zisungireni m'mawa kapena tsiku lopuma. Othamanga madzulo mukaweruka, ayironi wanu muikenso m'mawa, poti geti lanu limatsekeka nthawi ya mgonero.

Mtunda ukamapitirira ola ndi theka, musauthamange ndi madzi okha. Thupi limafuna magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola, zimene ndi nthochi ziwiri zapakatikati, kapena botolo la madzi a shuga othira kamchere pang'ono. Shuga wa m'magazi akatsika kwambiri, mahomoni a kupanikizika amakwera n'kufooketsa asilikali a m'thupi kwa maola angapo.

Gawo 6: mapiritsi, ngati adokotala atero

Nkhokwe ikatheratu, chakudya chokha chimachedwa kuidzaza. Kawirikawiri amapereka ferrous sulphate, abale ake a timapiritsi tija amalandira amayi kusikelo. Piritsi la mamiligalamu 200 limakhala ndi ayironi weniweni wokwana pafupifupi 65. Imwani m'mawa, ndi madzi kapena madzi a ndimu, kutali ndi tiyi, mkaka ndi mankhwala a chilungulira ndi maola awiri. Ngati m'mimba mopanda kanthu likukuchititsani nseru, limwereni pakachakudya kochepa.

Piritsi limodzi lokha limadzutsa mlonda uja pafupifupi tsiku lathunthu. N'chifukwa chake madokotala ena masiku ano amauza munthu kumwa modumphitsa tsiku, makamaka amene Hb yake sinatsike kwambiri. Ayironi amalowa bwino ndipo m'mimba simuvuta kwenikweni. Afunseni ngati njirayi ingakuyenereni, musasinthe nokha.

Chimbudzi chidzada, musaope. Kudzimbidwa kumachepa ndi madzi, papaya ndi masamba. Zofunika kusamala kwenikweni ndi zitatu. Amene mumamwa ma ARV a TLD, ayironi amagwira dolutegravir, mmodzi mwa mankhwala a m'piritsilo, m'mimba n'kumuchepetsa mphamvu: imwani ARV maola awiri musanamwe ayironi kapena maola 6 mutamwa, kapena zonse pamodzi koma ndi chakudya, ndipo akuchipatala kumene mumalandirira adziwe. Ciprofloxacin ndi doxycycline nawonso sagwirizana ndi ayironi nthawi imodzi. Chachitatu, bisani botolo kutali ndi ana. Timapiritsi timeneti timaoneka ngati maswiti, ndipo mwana akameza tambiri akhoza kufa.

Hb imakhala itakwera moonekera pakatha masabata atatu kapena anayi, mphamvu n'kubwerera, ndipo apa ndi pamene ambiri amasiyira. Ufa wabwerera m'beseni, koma m'nkhokwe mukadali mbee. Pamafunika miyezi ina itatu Hb itafika kale pabwino. Za madzi ofiira a masamba a mapeyala ndi zakumwa zofiira za m'mabotolo zimene anthu amati zimawonjezera magazi, kufiira si ayironi.

Gawo 7: zokonzekera zitsate magazi

Hb ikakhala pansi pa 12, zitunda ndi liwiro ziyambe zaima mpaka adokotala avomere. Yendani, thamangani pang'onopang'ono pamalo athyathyathya. Ngati yatsika ndi ferritin yokha, pitirizani kuthamanga koma tsiku lolimba likhale limodzi pasabata. Zinthu zikakhala bwino, masiku olimba awiri ndi okwanira, otalikirana, ndipo sabata yachinayi iliyonse chepetsani makilomita ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Musawonjezere mtunda ndi liwiro sabata imodzi. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo sankanena za ife, koma zimatikhudza.

Kuthamanga pakokha sikufooketsa chitetezo, kuthamanga kwa mlingo wabwino kumachilimbitsa. Chimfine chimabwera katundu akaunjikana: makilomita ochuluka, njala, tulo tochepa, nkhawa ya mayeso, ayironi wochepa, zonse pamutu umodzi. Tulo tikhale maola 7 mpaka 9. Wa ku Chanco amene akuwerenga mpaka 1 koloko usiku n'kudzuka 4 koloko kukathamanga, sabata ya mayeso asankhepo chimodzi. Mukamaliza kuthamanga m'nyengo ya chiperoni vulani malaya onyowa msanga, botolo la madzi musabwerekane, sambani m'manja musanadye. Masiku awiri kapena atatu otsatira mpikisano ndi opuma ndi kudya, osati okaonetsa anzanu kuti simunatope.

Gawo 8: mukadwala

Mphuno yokha ikamachucha, thupi losatentha, mukhoza kuthamanga mopepuka mphindi 20 kapena 30, mukamva kulemedwa bwererani. Matenda akatsikira pachifuwa, kapena thupi latentha, kuphwanya, kutsegula m'mimba, nsapato zikhale pakhomo. Kuthamanga thupi lili lotentha kukhoza kuvulaza mnofu wa mtima, ndipo zoti chimfine chimatuluka ndi thukuta ndi bodza. Kuno kwathu kutentha thupi kulikonse n'koyezetsa malungo tsiku lomwelo. Akakupezani nawo malizani LA yense, kasanu n'kamodzi m'masiku atatu, ndipo auzeni adokotala kuti mukumwa ayironi kuti akuuzeni chochita nawo. Thupi likazizira lokha popanda panado kwa masiku awiri, yambani ndi kuyenda, kenako kuthamanga pang'ono. Malungo amasiya Hb itatsika, ndiye sabata ziwiri zoyambirira musadziyerekeze ndi nthawi zanu zakale za m'kakope.

Pakatha masabata 8 mpaka 12 chiyambireni mankhwala, bwererani kulabu yomwe ija, m'mawa, mutapuma ngati poyamba, mapepala akale ali m'manja. Nambala zikakana kusuntha mukumwa mokhulupirika, pali chiboo chimene sichinapezeke, ndipo adokotala afufuze mozama. Zikakwera, muziyezetsa kawiri pachaka. Ine ndimapita mu Epulo, mvula ndi malungo ake zikamatha, zokonzekera za nyengo yozizira zisanayambe, kenako mu Okutobala.

Porters' Race ya chaka chimenecho ndinakangoonerera, nditafunda chitenje ku Likhubula, ndikuwaimbira m'manja anzanga. Pakona ija ndinadzadutsa osaima mu Novembala. Potsika ndinagula kadengu ka zipatso kwa anyamata aja, n'kukadyera phala kunyumba, tiyi ali m'fulasiki kudikira 9 koloko.